Wotolera Msonkho Atolerenso Zinyalala

Okondedwa abale ndi alongo a m'maparishi ndi m'miphakati ya ku Mitundu, Nathenje ndi madera onse ozungulira,

Mau Oyamba

1. Tikukulemberani kalatayi pa nkhani imene ambiri amaiyesa yaing'ono, yosayenera kutayirapo nthawi pa bwalo la mfumu kapena pa msonkhano wa khonsolo: nkhani ya zinyalala, madzi oipa ndi utsi. Tikamva mau akuti ulamuliro wabwino, maganizo athu amathamangira ku chisankho, ku katangale wa m'maofesi akuluakulu, kapena ku mikangano ya m'Nyumba ya Malamulo. Zonsezi n'zofunika ndithu. Komabe munthu wamba amakumana ndi boma pafupi kwambiri ndi kwawo. Amakumana nalo m'mawa pa msika, pamene wotolera msonkho amudulira chiphaso. Ngati mayi wogulitsa tomato walipira msonkho wake, koma n'kukhala tsiku lonse pambali pa mulu wa zinyalala zowola, wopanda chimbudzi choti apiteko ndi madzi oti asambe m'manja, ndiye kuti ulamuliro walephera pamalo pomwepo, ngakhale ku likulu zinthu zitamayenda bwino chotani.

2. Mfundo ya kalata yathu ndi imodzi: kuipitsidwa kwa madzi, mpweya ndi nthaka ndi nkhani ya chilungamo. Zinyalala sizigwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Pali amene amazipanga, pali amene amapindula pozitaya mosasamala, pali amene adapatsidwa udindo ndi ndalama zozichotsera, ndipo pali amene amadwala nazo. Kawirikawiri wodwalayo amakhala mmphawi amene sadafunsidwe kanthu. Tiyeni tsono tiunikire limodzi mmene zinthu zilili mu mzinda wa Lilongwe, umene tayandikana nawo, ndi zimene tingachite kuti madera athu asadzagwe m'mbuna yomweyo.

Mzinda ndi Mudzi Zimamwera Chitsime Chimodzi

3. Lilongwe adakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 670,000 mu mzindawu, ndipo pofika kalembera wa 2018 anthuwo adali 989,318. M'chaka chomwecho cha 2018, ife okhala kunja kwa malire a mzinda, m'boma lomweli la Lilongwe, tidalipo 1,637,583. Mzinda ukukula mofulumira, ndipo palibe choipa pa kukulako, pakuti ana athu amapita kumeneko kukafuna sukulu, ntchito ndi malonda. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna mzinda waukulu ayenera kukonzekeranso zinyalala za mzinda waukulu.

4. Taonani zimene midzi ya kumwera kuno imapereka ku mzinda. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo madzi ake amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lomangidwa mu 1966 ndi lachiwiri mu 1989, asanapite ku mipope ya m'tauni. Chimanga, mbatata, ndiwo zamasamba, nkhuku ndi mbuzi zogulitsidwa m'misika ya m'tauni, zambiri zimadzera pa misika ngati wa Mitundu, wa Nanjiri ndi wa Nathenje. Makala ophikira mabanja ambiri a mu mzinda, njerwa zomangira nyumba zawo ndi mchenga wa m'mitsinje, nazonso zimachokera kumidzi. Kuwotcha makala kudafika poipa kwambiri m'Dzalanyama kotero kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kuti akateteze nkhalangoyo. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola dothi n'kulithira m'madamu, ndipo wa m'tauni ndi wa kumudzi onse amasowa madzi abwino.

5. Nanga mzinda umatibwezera chiyani? Mtaya waukulu wa zinyalala za mzinda uli ku Area 38, kumwera kwa mzinda, chakufupi ndi pa Six Miles, mbali yomwe kumachokera misewu yobwera kwathu kuno. Anthu okhala moyandikana ndi mtayawu akhala akudandaula kwa zaka zambiri za fungo, ntchentche, utsi ndi madzi akuda otuluka m'zinyalala nthawi ya dzinja. Majumbo ndi mabotolo apulasitiki opangidwa m'mafakitale a m'mizinda amafika mpaka mudzi wakutali pa njinga ya wamalonda, koma palibe galimoto imene imabwera kudzawatenga akatha ntchito. Mtsinje wa Lilongwe umene umalowa mu mzinda uli wabwinoko, umatuluka utasenza zonyansa za m'ngalande ndi m'misika, n'kupita nazo kwa abale athu a kumunsi, mpaka kukathira mu Linthipe ndi m'nyanja ya Malawi.

6. Apa pali vuto la ulamuliro limene tiyenera kulimvetsa bwino. Mzinda uli ndi khonsolo yake, ndipo Mitundu ndi Nathenje zili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe. Utsi, ntchentche ndi madzi oipa zimadumpha malire a makhonsolo awiriwa mosapempha chilolezo, koma voti siidumpha. Munthu wa kunja kwa mzinda sasankha nawo makhansala amene amagamula kumene zinyalala za mzinda zikatayidwe. Choncho pamene mzinda udzafune malo ena otayirako zinyalala, ndipo tsikulo lidzafika pakuti mtaya uliwonse umadzaza, maso adzayang'ana ku minda ya kumidzi. Tiyenera kukhala okonzeka kufunsa mafunso nthawi isanathe.

7. Zimene zidachitikira anzathu m'maiko ena zitichenjeze. Mu Malichi 2017 phiri la zinyalala la Koshe ku Addis Ababa lidagumuka n'kupha anthu oposa 100. Mu Febuluwale 2018 mtaya wa Hulene ku Maputo udakwirira nyumba mvula itagwa kwambiri, ndipo anthu oposa 15 adafa. Mu Ogasiti 2024 zoterezi zidachitikanso ku Kiteezi, pafupi ndi Kampala, kumene kudafa anthu oposa 30. Konseku amene adafa adali amphawi omanga m'mphepete mwa mtaya chifukwa chosowa kwina kopita, ndipo konseku chenjezo lidaperekedwa kale koma osamveredwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mtengo wa Uve Timalipira ndi Miyoyo

8. Sitidaiwale mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse a dziko lino mpaka m'chaka cha 2023. Anthu pafupifupi 59,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Boma lathu la Lilongwe ndilo lidali ndi odwala ochuluka kuposa maboma ena onse, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Kolera si matenda odabwitsa. Amabwera pamene chimbudzi cha munthu chakumana ndi madzi akumwa kapena chakudya. Maliro onsewo adali umboni wakuti kwinakwake chimbudzi chidasefukira, paipi idathyoka osakonzedwa, kapena msika udasiyidwa wopanda madzi.

9. Ngakhale okhala m'nyumba zabwino sapulumuka. Mu Julaye 2017 mabanja a ku Area 18 mu mzinda wa Lilongwe adatunga m'mipope yawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi, paipi ya zonyansazo itaphulika pafupi ndi paipi ya madzi akumwa. Nkhaniyi idamveka dziko lonse ndipo idafika ku khoti, chifukwa okhudzidwawo adali anthu odziwa kolowera. Funso lathu ndi ili: nanga chitsime cha m'mudzi chikaipitsidwa, ndani amachiyeza, ndipo ndani amaimirira banja limene lataya mwana?

10. Pali ziphe zina zimene zimagwira ntchito mwakachetechete. Utsi wa majumbo ndi matayala owotchedwa uli ndi poizoni amene amawononga mapapo, ndipo mayi amene amakolezera mbaula ndi jumbo amaupuma tsiku ndi tsiku pamodzi ndi mwana ali kumsana. Mabatire akutha a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu, umene umalowa m'dothi n'kuwononga ubongo wa ana aang'ono. Oilo wakutha wotayidwa kuseri kwa galaja amatsikira ku chitsime. Mabotolo a mankhwala opopera tomato ndi fodya akatsukidwira mu mtsinje amapha nsomba ndi kudwalitsa otunga kumunsi. Mbuzi ndi ng'ombe zikameza majumbo zimaonda pang'onopang'ono mpaka kufa, ndipo ophera ziweto amawapeza m'mimba mwa nyamazo. Majumbo omwewo amatseka ngalande, madzi n'kuima, udzudzu n'kuswana, malungo n'kuchuluka.

Malamulo Alipo, Chosowa ndi Kuwatsata

11. Dziko lathu silisowa malamulo pa nkhaniyi. Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa boma udindo wosamala chilengedwe, wopezera anthu malo aukhondo okhalamo ndi ogwiriramo ntchito, ndi wolemekeza ufulu wa mibadwo imene ikubwera. Gawo 12 limatikumbutsa kuti mphamvu zonse za olamulira n'zobwereka kuchokera kwa anthu, ndipo ayenera kuzigwiritsa ntchito poyera ndi kuyankhapo akafunsidwa. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, lidatsimikiza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, lidalola nzika kupita ku khoti ufuluwu ukaphwanyidwa, ndiponso lidaika mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire zokonzera.

12. Mbiri ya majumbo opyapyala ikutiphunzitsa mmene lamulo labwino limafookera. Boma lidaletsa kupanga ndi kugulitsa majumbowa mu 2015. Makampani ena adakatenga chiletso ku khoti. Mu Julaye 2019 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti lamulolo ligwire ntchito, koma ziletso zina zidatsatira, ndipo milandu idapitirira mpaka m'chaka cha 2025. Zaka khumi zidatha akuluakulu akukokanakokana m'makhoti, uku majumbo akudzaza mitsinje, minda ndi mimba za ziweto. Aliyense ali ndi ufulu wopita ku khoti, ndipo ufuluwu timaulemekeza. Koma pamene wachuma angathe kuimitsa lamulo kwa zaka khumi, pomwe mnyamata wogulitsa majumbo pa msika amalandidwa katundu tsiku limodzi, anthu amayamba kukayika ngati lamulo limaona onse mofanana. Dziko la Rwanda lidaletsa majumbo mu 2008 ndipo Kenya mu 2017, ndipo kumeneko kusintha kudaoneka m'misewu chifukwa olamulira adaikapo mtima.

13. Mu Novembala 2020 boma lidakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizoli lidali labwino, ndipo kusesa ndi mwambo wathu wakalekale. Koma kusesa popanda kotayira n'kungosamutsa dzala. Anthu akasesa n'kuunjika zinyalala, galimoto osabwera, mphepo ndi mvula zimazibwezera pomwe zidachoka, ndipo mwezi wotsatira anthu safunanso kugwira tsache. Ntchito yodzipereka ya anthu imathandiza khonsolo, koma siingalowe m'malo mwa udindo wa khonsoloyo.

Msonkho wa Pamsika Umapita Kuti?

14. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka ku makhonsolo ntchito yoyang'anira misika, kuchotsa zinyalala, kusamala ukhondo ndi kupanga malamulo a m'dera. Cholinga chidali chakuti mphamvu zipite kwa anthu. Tidasankha makhansala mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi msonkho unkatoleredwa popanda woimira anthu wofunsa kumene ukupita. Chizolowezi chosafunsa chidamera mizu nthawi imeneyo. Pa 16 Sepitembala 2025 tidasankhanso makhansala, aphungu ndi mtsogoleri wa dziko. Amene tidawasankhawo ndi antchito athu, ndipo kufunsa wantchito za ntchito imene udamutuma si mwano.

15. Tikudziwa kuti makhonsolo ali ndi mavuto enieni. Ndalama zochokera ku boma lalikulu zimachepa ndipo zimachedwa, magalimoto ndi okalamba, mafuta ndi okwera mtengo, ndipo ena mwa ife timazemba msonkho. Koma kusowa kwa ndalama sikuletsa kunena zoona. Wamalonda aliyense wa pa Mitundu kapena pa Nathenje ali ndi ufulu wodziwa kuti pamsika pake patoleredwa ndalama zingati mwezi uno, ndipo zingati zabwerera kudzagwira ntchito pamsika pomwepo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo limakhudzanso makhonsolo. Chiphaso cha msika ndi pangano: wamalonda apereke ndalama, khonsolo ipereke chimbudzi, madzi, ndi kochotsera zinyalala. Mbali imodzi ikamasunga pangano inayo osasunga, chimenecho sichilinso msonkho wachilungamo.

M'mera Mpoyamba

16. Mitundu ndi Nathenje si midzi chabe monga kale. Masitolo, zigayo, magalaja, malo ogona alendo ndi nyumba za lendi zikuchuluka chaka ndi chaka, ndipo malo amene adali minda akugulitsidwa ngati mapuloti. Umu ndi mmene madera ambiri othithikana a mu mzinda adayambira: nyumba zidatsogola, misewu, ngalande ndi madzi n'kubwera pambuyo, malo atatha kale. Ife tikadali ndi mwayi umene anzathuwo adataya. Lero n'kotheka kupatula malo otayira zinyalala kutali ndi mtsinje, kusiya njira za madzi zosamangidwapo, ndi kuonetsetsa kuti chimbudzi chili kumunsi kwa chitsime ndiponso patali mamita osachepera 30, monga amalangizira a zaumoyo. Zaka khumi zikubwerazi, zimenezi zidzafuna kugwetsa nyumba za anthu ndi kulipira chipepeso.

17. Tilinso ndi mwayi wina. Zambiri mwa zinyalala za m'misika yathu ndi zowola: masamba, makoko, misinde ya nzimbe, zotsala za chakudya ndi ndowe. Zimenezi ndi manyowa, ndipo alimi athu akulira ndi mtengo wa feteleza. Zowola zikapatulidwa pamsika pomwepo, achinyamata angathe kupanga manyowa n'kumagulitsa, ndipo zotsala zofunika galimoto zingachepe kwambiri. Sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda ili pakhomo pathu penipeni. Tikupempha aphunzitsi ndi ophunzira ake kuti nzeru zawo zifike ku misika ndi ku zitsime za anansi awo, poyeza madzi ndi pophunzitsa kapangidwe ka manyowa.

Zimene Tikupempha

18. Kwa boma ndi bungwe la MEPA: lamulo liyambire kwa opanga ndi oitanitsa katundu woletsedwa, pakuti kutseka kasupe n'kosavuta kusiyana ndi kuthamangitsa madzi m'dambo. Anthu amadandaula kuti wa njinga wonyamula matumba awiri a makala amagwidwa, pomwe lole yodzaza imadutsa. Dandaulo limeneli liyankhidwe ndi ntchito zooneka. Magetsi ndi gasi zikhale zofikirika, kuti mabanja a m'tauni athe kusiya makala.

19. Kwa makhonsolo awiri a Lilongwe: khalani pansi pamodzi ndi kupanga dongosolo limodzi la zinyalala, mitsinje ndi malo, pakuti mavutowa sadziwa malire anu. Malo alionse atsopano otayira zinyalala asasankhidwe mseri. Anthu a m'deralo amve, afunse, ndipo lipoti la mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe liwerengedwe kwa iwo m'Chichewa. Pa msika uliwonse pakhomedwe chikalata mwezi ndi mwezi choonetsa ndalama zotoleredwa ndi mmene zagwirira ntchito.

20. Kwa aphungu ndi makhansala athu: pokambirana za ndalama za chitukuko, kuphatikizapo za thumba la CDF, kumbukirani kuti chimbudzi cha pamsika ndi ngalande ndi chitukuko chenicheni, ngakhale palibe amene amavina pozitsegulira. Kwa mafumu athu, eni nthaka: musalole kuti madambo, magombe a mitsinje ndi malo a anthu onse agulitsidwe, ndipo musasainire malo otayirapo zinthu anthu anu asanamve.

21. Kwa amalonda, eni magalaja, ophera ziweto ndi eni nyumba za lendi: phindu lopezeka pothira uve pa mnansi ndi ngongole imene wina akulipira ndi thanzi lake. Nyumba ya lendi ikhale ndi chimbudzi chokwanira onse okhalamo. Magazi ndi zam'mimba za ziweto, oilo wakutha ndi mabatire zisatayidwe mu ngalande.

22. Kwa ife tonse akhristu: sitingafunse khonsolo za ukhondo uku tikuponya botolo pawindo la minibasi. Pakhomo pakhale chimbudzi, mpondagiya wosambira m'manja ndi dzenje la zinyalala, zowola pazokha ndi mapulasitiki paokha. Popita ku msika titenge dengu kapena chikwama cha nsalu monga ankachitira amayi athu. Matewera otaya a ana asaponyedwe mu mtsinje. Malo a tchalitchi, sukulu zathu ndi misonkhano yathu ikuluikulu zikhale chitsanzo. Tikupempha mphakati uliwonse kuti mwezi uno uyendere msika, chitsime ndi mtsinje wa m'dera lake, ulembe zimene waona, ndipo usankhe anthu awiri okapereka nkhaniyo ku komiti ya VDC kapena ADC ndi kwa khansala. Pakatha miyezi itatu mubwererenso kukamva yankho, mwaulemu koma mosatopa. Mutu umodzi susenza denga.

Mau Omaliza

23. Abale ndi alongo, nthaka, madzi ndi mpweya tidazilandira kwa Mlengi ngati mphatso ya anthu onse, ndipo tidzafunsidwa mmene tidazisamalira. Kukonda mnansi kumafikanso kwa amene amatunga madzi kumunsi kwa mtsinje wathu, ndi kwa mwana amene sanabadwe amene adzalime munda umene lero tikukwiriramo majumbo. Mtsogoleri wabwino amadziwika ndi mmene amasamalira zinthu zimene anthu ena amanyansidwa nazo, ndipo nzika yabwino imapereka msonkho wake mokhulupirika n'kufunsa mopanda mantha ntchito imene msonkhowo wagwira. Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi ndi kukambidwa m'miphakati yonse.

Mulungu akudalitseni inu ndi mabanja anu, ndipo adalitse dziko lathu la Malawi.